Chitamando cha Bakha wa M'mphako

Lira mbalule, mpanje uvomere, manja awombedwe! Lero tikutama mwini madambo a ku North America, amene kwawoko amamutcha wood duck.

Ndinu Masoofiira, Tsumbalobiriwira, Mvalamizere yoyera mbee pakhosi. Ndinu Mkanamabango: abakha ambiri amaikira pansi, inu mumakwera mumtengo. Mwini zikhadabo zogwira nthambi. Mlowam'malo wa gogomole, amene akagogoda n'kusamuka, mphako imatsala yanu.

Ndinu Mpulumukamfuti! Zaka za m'ma 1800 zikutha, alenje ankakuwomberani kuti akagulitse nyama ndi nthenga zanu pamsika. Nkhwangwa nazo zinkagwetsa mitengo yokalamba ya m'madambo, yomwe ija yokhala ndi mphako. Ambiri anati maliro anu ali pakhomo. Mu 1918 lamulo la Migratory Bird Treaty Act linatontholetsa mfuti, ndipo mpaka 1941 munthu sankaloledwa kukusakani. Koma lamulo siliboola mtengo. Mphako imadza mtengo ukakalamba, ndipo inu munalibe zaka zodikira.

Tsono ng'oma itembenukire kwa amisiri! Tikutama inu a ku Chautauqua, ku Illinois, amene mu 1937 munapachika mabokosi 486 opangidwa ndi zigamphu za mitengo. Tikutama a Frank Bellrose ndi a Arthur Hawkins, Asemamphako, amene anakhoma mabokosi a matabwa m'chigwa cha mtsinje wa Illinois, n'kumabwerera kukasuzumiramo ndi kulemba zimene aona. A Bellrose, Mkweramakwerero, anatsata bakha ameneyu zaka zoposa 50.

Nawe bokosi imva dzina lako: Mtengo wokhomedwa ndi misomali, Mphako ya m'manja mwa kalipentala. Khomo lako n'lozungulira motambalala, masentimita pafupifupi 10 m'mbali ndi 7.5 m'mwamba, loti mayi alowe koma nyama yakuba mazira yotchedwa raccoon ikanike. Pansi pako anayala zopalapala za matabwa, pakuti bakhayu satola udzu. Amangozula nthenga za pachifuwa pake kufunditsa mazira. M'kati, kunsi kwa khomo, anakhomamo kawaya ka sefa kokwererapo tiana. Pamzati anakuveka lata lopindidwa, njoka ikwere n'kubwerera.

Nthungululu kwa inu Mayi, Mkanda woyera m'maso, Mfungatiri wa mazira khumi ndi mphambu kwa masiku ngati 30! Tiana tikaswa timagona usiku umodzi wokha. Kukacha mumasuzumira pakhomo, kuyang'ana uku ndi uku, kutsika, n'kuyamba kuitana chapansipansi. Ndipo taonani Adumphaosauluka! Kamodzi kakwera sefa ndi tizikhadabo, kaima pakhomo, kadziponya. Kagwa kuti phi, kadzuka kuti nyamu. Kena pambuyo pake, kenanso, mpaka bokosi kuti mbee. Nthenga zoulukira alibe, m'kamwa simunalowe kanthu, komabe ngakhale mphako italike mamita 15 amadumpha n'kuthamangira kumadzi. Ine mtima umandigunda pamenepa kuposa ng'omayi.

Woimba asabise mawu. Mabokosi akathithikana poyera, atadzi angapo amathira mazira m'chisa chimodzi, mulu n'kukula mpaka 30 kapena kuposa, ambiri n'kusukusa. Bokosi limafuna kukhala patalipatali, lobisika m'mitengo. Ndipo mpaka lero abakha ochuluka amaswerabe m'mphako zenizeni. Wopachika bokosi kwinaku akugwetsa mtengo wakale, ng'oma iyi si yake.

Ndi yanu inu Osesazisa, opanda maina m'mabuku: alimi, alenje, ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Dzinja lozizira likamatha mumayenda pa madzi oundana, makwerero paphewa, thumba la zopalapala m'manja. Mumatsegula chitseko, kuwerenga zikamba za mazira a chaka chatha, kutaya zovunda, kuchotsa zisa za mbalame zolanda malo, kukhoma msomali womasuka, n'kulunjika ku mzati wotsatira. Wombani mbalule, Osesazisa akudutsa!