Chikomekome cha Mkuyu: Muyeso Wathu wa Ukhondo wa Pakhomo

Pali mawu amene sasowa mkwatibwi akamalangizidwa, kaya ndi kwa anankungwi usiku wa nikaha, kaya ndi pamaphwando atsopanowa otchedwa bridal shower. Akuti mkazi amadziwika ndi pabalaza pake: mlendo akalowa apeze pansi pokolopa, nsalu za pamipando zili myaa, makapu akunyezimira m'kabati. Masiku ano mawuwa apeza owathandiza, zithunzi ndi makanema a pa Facebook ndi TikTok oonetsa nyumba zopanda ngakhale kansapato kamodzi kotayika pakhomo. Sitikukana kuti kusesa ndi kukolopa n'kwabwino. Chilema cha malangizowa ndi chakuti m'nyumba imene akuifotokoza mulibe mwana, ndipo muyeso wake ndi diso la mlendo.

Aliyense wolera ana kuno kunyanja akudziwa kuti mchenga umalowa m'nyumba ndi phazi lililonse, ndi kuti mwana wa zaka ziwiri amakhuthula dengu lonse pofuna supuni imodzi. Mayi amene waphunzitsidwa kuti ulemu wake wagona pabalaza amatsala ndi njira ziwiri: kusesa kasanu patsiku akukalipa, kapena kukhoma chitseko ndi kuthamangitsira ana panja. Panjapo ndiye pali ntchentche za pamamba a nsomba, madzi odikha, ndi gombe limene mwana amapitako wopanda womuyang'ana. Pabalaza pamawala, koma ndowa ya madzi akumwa ili yosavundikira kuseri kwa chitseko, aliyense akuviikamo kapu ndi dzanja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodandaulitsa n'chakuti chipembedzo chathu chinatipatsa kale muyeso wina, woposa uwu, ndipo ana athu amauphunzira kumadrasa. Fiqhi imasiyanitsa najisi ndi kumwazikana kwa zinthu. Zidole, zitsononkho ndi timagalimoto tamawaya zili mbwee pamkeka sizionononga Swala ya munthu. Chimbudzi cha mwana, mkodzo ndi masanzi, izo ndiye ziyenera kuchotsedwa ndi madzi. M'mabuku a Hadisi muli nkhani ya Ummu Qais amene anabwera ndi khanda lake lalimuna kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ndipo khandalo linakodzera chovala chake. Iye anaitanitsa madzi ndi kuwaza pamalopo, osakalipa. Ankaswali atanyamula mdzukulu wake Umama, kumutsitsa powerama ndi kumunyamulanso poimirira. Mwana sanali chodetsa m'nyumba imeneyo. Chodetsa chinkadziwika dzina lake, n'kuthiridwa madzi.

Kusokoneza ziwirizi kuli ndi mtengo wake, ndipo tinaulipira. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi ndi Salima anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kolera sayang'ana nsalu za pamipando. Amayenda kuchoka m'chimbudzi cha munthu kupita m'madzi ndi m'chakudya, kudzera m'manja ndi ntchentche. Komabe m'makomo ambiri mukadali chikhulupiriro chakuti chimbudzi cha khanda chilibe vuto, kotero thewera limachapidwira pagombe pamene ena akutunga madzi, kapena limatayidwa kuseri kwa mpanda kuti agalu ndi nkhuku zimwaze. Alangizi a zaumoyo akamayendera midzi safunsa za kabati. Amafunsa za chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya ndi sopo, thandala la mbale, dzenje la zinyalala, ndi madzi othira kulorini. Mafunso awo ali pafupi ndi twahara kuposa zambiri zimene timamva pamaphwando a akwatibwi.

Chilema chachiwiri n'chakuti malangizowa amalamula nyumba kukhala yaudongo nthawi zonse, chinthu chosatheka pamene pali ana. Chotheka ndi kukhala ndi nthawi zoikika zobwezera zinthu m'malo mwake, ndipo Msilamu safunika kuzifunafuna, pakuti Swala zisanu zinagawa kale tsiku lake. Itatha Subuhi, bwalo lisesedwe, mphasa zokodzeredwa zitulutsidwe padzuwa, madzi akumwa athiridwe mankhwala. Itatha Dhuhuri ndi nkhomaliro, mbale zitsukidwe zipite pathandala ntchentche zisanasonkhane. Magharibi isanakwane, ana atolere zoseweretsa zawo m'dengu limodzi, asambe, alowe m'nyumba. Itatha Isha, ziwiya zivundikiridwe, zitseko zitsekedwe, moto ndi nyali zizimitsidwe, masikito atsitsidwe. Kulowetsa ana kukamada, kuvundikira ziwiya ndi kuzimitsa nyali ndi malangizo a Mtumiki mwini, amene anasimba Jabir. Pakati pa nthawi zimenezi, ana asiyidwe asewere. Nyumba yomwazikana 10 koloko m'mawa si umboni wa uve.

Chilema chachitatu ndicho chachikulu: mawu onsewa amauzidwa mkazi yekha. Mkwati salangizidwa za tsache, ndipo mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri amasiya mbale pamene wadyera, mlongo wake wamng'ono n'kumutolera. Timati ndi mwambo, ena amafika poti ndi Chisilamu. Koma Mayi Aisha atafunsidwa zimene Mtumiki ankachita pakhomo, anafotokoza kuti ankatumikira banja lake, ndipo nthawi ya Swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Bambo amene amatha usiku wonse akukoka chilimira sangalephere kukumba dzenje la zinyalala, kumanga thandala, kapena kusambitsa mwana m'manja asanadye. Mwana wa zaka zitatu, wamwamuna kapena wamkazi, angathe kuika nsapato zake pakhomo monga amaonera akuluakulu pamzikiti. Wa zaka zisanu angathe kupinda mkeka woswalirapo ndi kuthira madzi mu mpondagiya. M'mera mpoyamba.

Tikupempha anankungwi, amayi a m'magulu a dawa ndi mashehe omangitsa nikaha kuti asinthe mafunso awo. Banja latsopano, mwamuna ndi mkazi ali pamodzi, lifunsidwe kumene lidzataye thewera, amene adzavundikire ndowa, ndi amene adzaphunzitse mnyamata kugwira tsache. Mlendo wopeza chidole pampando angochisuntha, akhale pansi. Mwana womwa madzi oipa ndiye amene tingamunyamule usiku kuthamangira naye kuchipatala.