Kulira Mau a M'mphepo

Pakati pa ife a ku Thyolo mwambo wa maliro udziwika bwino. Munthu akatisiya, uthenga upita kwa mfumu ndi kwa abale, amai asonkhana m'nyumba ya siwa, amuna agona panja pa moto, adzukulu akumba manda, ndipo ali yense adza ndi kanthu kace, kapena ufa, kapena nkhuni, kapena ndalama ya cipepeso. Ngakhale m'makomboni a m'minda ya tiyi, m'mene Alomwe, Amang'anja, Ayao ndi Angoni akhala mosanganizana, mwambo umenewu sunafe. Koma m'zaka zino kwabuka maliro a mtundu wina amene makolo athu sanawadziwe, ndiwo maliro a munthu amene sitinamuone nkhope, amene sitidziwa mudzi wace, koma mau ace analowa m'nyumba zathu masiku onse.

M'mwezi wa January 1921 kunalibe munthu akadamvetsa zimenezi. Koma zaka 100 pambuyo pace, mu January 2021, pamene anamwalira mai Maria Chidzanja Nkhoma, woimba ndi muulutsi wa pa Zodiak, tinaona amai ena othyola tiyi atagwira m'cibwano ngati wafayo ndi mlongo wao. Ndipo sikuno kokha. Ku Ireland, pamene anamwalira Gay Byrne pa 4 November 1919 kuonjezapo zaka 100, ndiko kuti 2019, munthu amene anatsogolera Late Late Show pa wailesi ya kanema kuyambira 1962 kufikira 1999, mwambo wa maliro ace unaulutsidwa kuti dziko lonse liuone. Tsono akulu ena afunsa kuti, kodi nkoyenera kulira munthu amene sanadziwe ngakhale dzina lako? Kodi si misozi yotaika cabe? Funso ili si lacibwana, ndipo tifuna kuliyankha pakuyesa nchito ya munthu mmodzi, amene anali mmodzi wa oyamba kukondedwa motere m'maiko athu ano, ndiye Alick Nkhata.

Munthuyu anabadwa m'caka ca 1922 ku Kasama, m'dziko limene nthawi ija linali Northern Rhodesia, lero Zambia. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anapita ku Burma monga anapitira asilikari ambiri a kwathu kuno. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu uja anayendayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, kusonkhanitsa nyimbo za makolo. Ndiye yemwe anafikanso ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958. Pambuyo pace Nkhata analowa nchito ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, imene inachedwa Central African Broadcasting Service, ndipo inali kuulutsa mau kwa anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zinenero zao, Cinyanja ciri cimodzi ca izo.

Kuti mau amenewa afike m'midzi panafunika bokosi la mtengo wocepa. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anapempha kampani ya Ever Ready ku England, ndipo mu 1949 kunaturuka wailesi yozungulira ngati sefuliya, yopaka utoto wobiriwira ngati thambo, imene anaicha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace mashiringi 25. Kwa munthu wothyola tiyi imeneyi inali ndalama ya matikiti angapo, kotero amene anaigula anali makamaka akalaliki, akapitao ndi aphunzitsi. Koma wailesi imodzi inali kudyetsa komboni yonse, pakuti madzulo anthu anali kukhala pa bwalo la mwiniyo monga akhalira pa mphala.

Tikayesa nchito ya Nkhata tipeza zokoma zitatu. Coyamba ndi cakuti iye analankhula ndi anthu monga mnzao. Kufikira nthawi ija mau ocokera ku boma anali kufika m'mudzi ndi mesenjala, kapena pa pepala la msonkho, kapena pakamwa pa kapitao wokumbutsa za thangata. Anali mau olamula, ofuna kuti munthu abvule cipewa. Koma m'bokosi muja munaturuka mau a munthu wakuda wopereka moni, woseka, wodziwa kuti womverayo watopa ndi dengu la pamsana. Panali pologalamu yochuka dzina lace Zimene Mwatifunsa, m'mene aulutsi anali kuwerenga makalata a omvera ndi kuwaikira nyimbo zimene apempha. Tikumbukire kuti masiku amenewo amuna ambiri a Nyasaland anali ku Harare, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni, ndipo kalata inali kucedwa, kapena osabwera konse. Mkazi kumva dzina lace lichulidwa m'mphepo ndi moni wa mwamuna wace, cinali cinthu cacikulu koposa m'mene ife a matelefoni a m'manja tingaganizire.

Caciwiri ndi nyimbo zace. Nkhata anali wodziwa gitala, ndipo anali ndi gulu la anzace oimba nao, limene linadzachedwa Lusaka Radio Band, ndi pambuyo pace Big Gold Six. Iye anatenga nyimbo za kumudzi zimene anaphunzira pa maulendo ace, naziimba ndi gitala ndi mau ogwirizana bwino, kotero kuti mnyamata wa m'tauni amene anayamba kucita manyazi ndi nyimbo za agogo ace anazimvanso nazikonda. Anapekanso zace zonena za moyo watsopano wa m'tauni, za cikondi, za ndalama, ndi za makhalidwe a anthu ocoka kumudzi. Pamenepa anatsata njira ya makolo, pakuti kwathu nyimbo ya pamtondo ndi nyimbo ya pamowa zakhala zikudzudzula anthu ciyambire kale, ndipo munthu alandira m'nyimbo mau amene sakadawalandira pa maso.

Cacitatu ndi cakuti anaimba m'zinenero zingapo, Cibemba ndi Cinyanja mwa zina, osanyoza ciri conse. Ife a m'minda ya tiyi, amene mnansi wathu wa kumanja alankhula Cilomwe ndi wa kumanzere Ciyao, tidziwa kulemera kwace kwa munthu amene mitundu yosiyana imuyesa wao.

Koma woyesa nchito ya mnzace asabise zopelewera, pakuti kutama kokha-kokha sikuphunzitsa munthu. Pali mirandu iwiri imene anthu anganene pa Nkhata. Woyamba ngwa nyimbo zomwezo. Wina akamvera nyimbo za kumudzi monga anazijambula Tracey, ndi kumveranso monga zinaturukira ku Lusaka, apeza kuti zina zasalala koposa. Ng'oma zacepa, kuomba m'manja kwa khamu kwacoka, nthungululu palibe, ndipo nyimbo imene kumudzi ikadatha usiku wonse yadulidwa kuti ikwane pa mbale ya galamafoni ya mphindi zitatu. Kayimbidwe kace kanatengako za ku America zimene zinali kumveka masiku aja. Ife tibvomereza kuti pamenepa panataika kanthu. Nyimbo ya pa gule ndi ya anthu onse, ali yense ali ndi mbali yace. Nyimbo ya m'bokosi ndi ya anthu anai kapena asanu ndi mmodzi, ndipo otsalawo angokhala cete kumvera. Komabe tifunse kuti, cikadakhala ciani iye akadazisiya? Anyamata a m'tauni sakadabwerera ku ng'oma. Akadangotsata nyimbo za kunja. Wosenza madzi m'mtsuko ataya ena panjira, koma a kunyumba amwa.

Mrandu waciwiri ngwolemera koposa. Nyumba ya mphepo ija inali ya boma la Atsamunda, ndipo pofika caka ca 1953, pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa anthu akuda asakufuna, omvera ambiri anayamba kuiyesa pakamwa pa adani ao. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumba yomweyo nalemba buku lochedwa Wayaleshi mu 1959, afotokoza m'mene mbiri inafalira yakuti aulutsi a ku Lusaka ndi banyama, ndiwo anthu ogwira anzao usiku ndi kuwapereka kwa Azungu, kotero kuti aulutsiwo anakhala ndi mantha a moyo wao. Ife a Thyolo sitingaseke anthu aja, pakuti m'caka comweco, mwezi wa August, mbiri yonga yomweyo ya cifwamba inabuka pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, pamene anthu anamva kuti amuna ogwidwa pa nkhani ya malalanje aphedwa. Cipolowe cinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anafa. Mbiri zimenezi zinali zonama, koma mantha amene anazibala anali oona, pakuti anthu olandidwa minda ndi kukanizidwa mau pa za dziko lao sanaone cifukwa cokhulupirira bokosi la boma.

Tsono tiweruze bwanji? Sitinganene kuti Nkhata anali mfulu m'nyumba muja, pakuti nkhani zimene aulutsi anawerenga zinasankhidwa ndi ena. Koma ambiri a makolo athu analinso comweco: kalaliki wa pa esiteti analemba matikiti a thangata, mphunzitsi anaphunzitsa za mafumu a ku England, msilikari anamenya nkhondo ya eni. Muyeso woyenera ndiwo kufunsa kuti munthu anacita ciani ndi kadanga kamene anali nako. Nkhata anagwiritsa kadanga kace kukweza zinenero ndi nyimbo za anthu ace pa nthawi imene ambiri anaziyesa zacabe. Ndipo Zambia atalandira ufulu mu 1964 anthu a dziko lace sanamtaye, koma anakhala mmodzi wa akulu a nyumba ya mphepo ya dziko latsopanolo. Caka comweco ife tinali nayo yathu, Malawi Broadcasting Corporation, ndipo makutu athu anatembenukira ku Blantyre. Koma njira ya kulankhula ndi omvera monga abale inali italambulidwa kale.

Imfa yace inali yomvetsa cisoni. Mu 1974 anapuma nchito napita kukalima ku Mkushi. Pa 19 October 1978 asilikari a boma la Ian Smith la Rhodesia analowa m'Zambia kukathira nkhondo misasa ya ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo, ndipo umodzi wa misasayo unali ku Mkushi. Nkhata anaphedwa pa kuomberana kumeneko, ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka ku Burma, napulumuka mkwiyo wa 1953, anafera pafupi ndi munda wace pa nkhondo yomasula dziko la anansi. Lero ku Lusaka kuli mseu wochedwa Alick Nkhata Road, ndipo nyumba ya mphepo ya Zambia iri pa mseu womwewo. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina za nyimbo zace nizitulutsanso pansi pa dzina la imodzi ya izo, Shalapo, ndilo liu la Cibemba limene womuka anena kwa wotsala.

Tibwerere tsono ku funso la akulu aja. Ife tiyesa kuti misozi yolira muulutsi si yotaika. Cibale ca mwazi ciripo, koma ciriponso cibale ca kuzolowerana, ndipo munthu amene anaceza nafe madzulo onse zaka zambiri, pa njala ndi pa zokolola, pamene tinali kudikira wodwala usiku, sangachedwe mlendo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Muulutsi alibe phazi loti asiye m'mudzi mwathu. Asiya mlomo wokha, ndipo ngati anthu amlira, ndiko kuti mlomowo unali wabwino.

Koma pali macenjezo awiri. Loyamba, maliro a kwathu safuna misozi yokha, afunanso manja. Popeza palibe siwa kumene tingapereke ufa, cipepeso cathu cikhale nchito imene wafayo anaikonda. M'midzi yathu ndi m'makomboni mukali nkhalamba zodziwa nyimbo za chopa, za likwata, za pamtondo, ndi zimene othyola tiyi anali kuimba m'mizere masiku a thangata. Cimene Tracey ndi Nkhata anacita ndi makina olemera, lero mwana wa sukulu angacite ndi telefoni ya m'thumba. Nkhalamba imodzi ikaikidwa nyimbo zace zisanasungidwe, tataya cinthu cimene sitidzacipezanso.

Laciwiri, tisalire wa m'bokosi ndi kuiwala wa pakhomo. Taona maliro a nkhalamba imene inathera mphamvu zace m'minda ya tiyi, abale ace ali kutali ku Mozambique, ndipo pa moto panagona amuna owerengeka. Maliro nkulirana. Ngati mau a m'mphepo anatiphunzitsa kumva cisoni ca munthu wa ku Lusaka kapena wa ku Dublin amene sitinamuone, atiphunzitsenso kunyamula nkhuni ndi kupita kwa mnansi amene tinali kumuona masiku onse pa sikelo yoyezera tiyi.