Gatsby, Tom ndi Munthu wa pa Galaja

Ambiri amawerenga The Great Gatsby, buku limene F. Scott Fitzgerald anatulutsa mu 1925, ngati nkhani ya cikondi. Ine ndimaona mlandu wa ndalama, za makolo ndi za dzulodzuloli, komanso funso lakuti ziwirizi zikalimbana amapwetekeka ndani.

Tom Buchanan ndi mkazi wake Daisy amakhala ku East Egg. Cuma anacipeza m'nyumba, sanacikhetsere thukuta. Kutsidya kwa madzi, ku West Egg, kuli Jay Gatsby, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, amene analemera pogulitsa mowa woletsedwa. Amavala suti ya pinki, galimoto yake ndi yacikasu, kunyumba kwake mapwando sakutha. Tom amamunyoza ndipo amafufuza kumene ndalama zake zinacokera. Koma palibe amene amafunsa kumene za Tom zinacokera.

Kunyoza kotere timakudziwa kuno ku Ng'ombe. Munthu akalemera mwadzidzidzi n'kumanga nyumba yaikulu ya mpanda wautali, timati ndalama zamusokoneza mutu. Koma apamwamba a ku mayadi, kuseri kwathu kuno ku Roma, timawapatsa ulemu poganiza kuti cuma cao n'ca kalekale. Kalekale wake uti? Lusaka inakhala likulu mu 1935, mayadi anali a azungu, anthu akuda anali anchito okhala m'makomboni. Mabanja akuda ambiri analowa m'mayadi ufulu utabwera mu 1964. Ndalama za makolo ndi ndalama zatsopano zimene anthu analeka kuzifunsa mafunso.

Mphamvu ya bukuli ili pa amene amafa. Pakati pa nyumba za olemera ndi mzinda wa New York pali dera la phulusa, kumene George Wilson ali ndi kagalaja kosayenda malonda. Tom amayenda ndi mkazi wake, Myrtle. Daisy, akuyendetsa galimoto ya Gatsby, amagunda Myrtle n'kumupha, osaima. Tom amalozera Wilson kwa Gatsby, Wilson amawombera Gatsby kenako amadzipha. Maliro atatu, onse a anthu amene sanabadwire m'cuma. Tom ndi Daisy amalongedza katundu n'kucoka. Pa maliro a Gatsby, khamu lija lomwa mowa wake silioneka.

Cimene ndimamudzudzula naco Fitzgerald n'cakuti nkhani yonse amaiika m'kamwa mwa Nick Carraway, msuweni wa Daisy, mwana wa banja lopeza bwino. Nick amamvera cisoni Gatsby masamba ambiri, koma Wilson amamuona ngati mthunzi cabe. Sitimva zimene munthu wa pa galaja amaganiza galimoto za olemera zikamamudutsa. Namwali Serpell, mu The Old Drift ya 2019, anacita mosiyana: anthu a ku Kalingalinga ali pakati penipeni pa nkhani, ali ndi maina, mkwiyo ndi nzeru zao.

Anzanga, tikamawerenga bukuli timafulumira kudziika mu nsapato za Gatsby, cifukwa tonse tikufuna kutuluka mu umphawi. Koma m'mawa uliwonse amayi ndi azibambo a kuno amaoloka kupita ku mayadi kukacapa, kukasesa ndi kulonda mageti. M'bukuli, malo ao ali kwa Wilson. Amene akufuna kulemba, nkhani yosalembedwa ndi imeneyo.