Kodi Tikuyesa Masamu Kapena Cingerezi? Kupenda Mafunso a Masamu a ku Sekondale

Kuyambira pamene Lamulo la Maphunziro la 1966 linakhazikitsa Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira m'Zambia, ndondomeko ya cinenero m'makalasi oyambirira yasinthidwa kangapo. Cikalata ca boma ca 1996, Educating Our Future, cinalola kuti ana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca kwao, ndipo mu 2014 zinenero za m'dziko muno zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kucokera Giredi 1 kufikira Giredi 4. Kusintha konseku sikunafike pa masamu a ku sekondale, amene aphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Cingerezi cokha m'zaka zonsezi. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi yakuti funso la masamu lolembedwa m'mau limayesa maluso awiri pa nthawi imodzi, koma malikisi amene wophunzira apatsidwa amawerengedwa monga umboni wa luso la masamu lokha.

Mu 1977, Anne Newman wa ku Australia anasonyeza kuti wophunzira amadutsa masitepe asanu poyankha funso lotere: kuwerenga mau, kumvetsa cimene cafunsidwa, kusandutsa mauwo kukhala zizindikiro za masamu, kuwerengera, ndi kulemba yankho. Masitepe awiri oyambirira ndi a cinenero, ndipo lacitatu lili pa malire a cinenero ndi masamu. Wocongera mayeso amaona yankho lolakwika, koma pepala silimuuza sitepe limene mwanayo anapunthwapo.

Titenge citsanzo ca mafunso a linear programming amene ophunzira amakumana nao m'makalasi omaliza a sekondale. Funso likati mlimi abzale mahekitala "at least 5" a cimanga, wophunzira amene anaphunzira kuti "least" ndi cinthu cocepetsetsa amalemba x ≤ 5, ndipo girafu yake yonse imasokonekera pamenepo, ngakhale kuti kujambula mizere amakudziwa. M'Cinyanja ganizo lomweli limamveka poyera: "osacepera 5" ndi "osapitirira 5" ndi mau amene amanena okha mbali imene cizindikiro ciyenera kuloza. Momwemonso mau monga "difference", "product", "mean" ndi "volume" ali ndi tanthauzo lina m'Cingerezi ca masiku onse ndi lina m'masamu, kotero mwana amayenera kuphunzira liu limodzi kawiri. Ngakhale m'kalasi vutoli lilipo. Mphunzitsi akafunsa funso lokana, lakuti 9 si prime number, wolankhula Cinyanja amavomera kuti "inde", kutanthauza kuti zoonadi si prime number, pamene Cingerezi cimafuna "no". Mwanayo wadziwa masamu, koma wamveka ngati walakwa.

Komabe tisafulumire kunena kuti kumasulira mafunso m'Cinyanja kungathetse zonse, pakuti cinenero cathu cili ndi mbuna zake. Liu lakuti "theka" pa msika limanena gawo lililonse la cinthu codulidwa pawiri, ndipo anthu amati "theka lalikulu" popanda wodabwa. M'masamu matheka awiri ayenera kufanana ndendende. Mneni "kugawa" umakumbutsa za kugawira anthu, cotero 6 ÷ 3 imamveka bwino, koma 6 ÷ ½ imasowa tanthauzo cifukwa palibe theka la munthu lolandira gawo. Mphunzitsi ayenera kusintha funso nati, "Kodi mu 6 muli matheka angati?" kuti yankho la 12 lisaoneke lacilendo. Apa cofunika ndi kupenda matanthauzo, nchito imene ndi yathu ife a zinenero.

Ena amatsutsa ponena kuti mawerengedwe a Cinyanja ndi aatali, popeza 78 ndi "makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu", ndi kuti ogulitsa pa Soweto Market mu Lusaka kapena pa misika ya ku Chipata amachula manambala m'Cingerezi. Izi tikuvomera, ndipo sitikupempha kuti maina a manambala asinthidwe. Zitsanzo zathu zasonyeza kuti cimene cimagwetsa ophunzira ndi timau tolumikiza maganizo, toyerekeza, tokana ndi toika malire.

Cotero tikupereka maganizo atatu. Coyamba, pa mayeso a m'kalasi mphunzitsi azipempha wophunzira kuti afotokoze funso m'mau akeake, m'Cinyanja ngati afuna, asanayambe kuwerengera, kuti zidziwike ngati wakanika kumva kapena wakanika masamu. Caciwiri, a Examinations Council of Zambia aziika katswiri wa cinenero m'gulu lopenda mafunso a masamu, kuti acotse ziganizo zopiringizika zimene sizionjezera kanthu pa masamuwo. Cacitatu, madipatimenti a zinenero agwirizane ndi aphunzitsi a masamu polemba mndandanda wa mau a masamu m'Cingerezi ndi m'Cinyanja, wokhala ndi zitsanzo ndi macenjezo onga a "theka" ndi "kugawa". Dongosolo latsopano la mafomu limene linayamba mu 2025 likufuna mabuku ndi mafunso atsopano, ndipo mpata wokonza zimenezi ndi womwe uno, mafunsowo asanazike mizu.