Njerwa ya mamilimita atatu

Tengani njere imodzi ya mpunga, muidule pakati. Kachidutswa kamene katsalira pachala panuko n'kofanana msinkhu ndi njerwa imodzi ya nyumba za ku Pendon. Tsono ganizirani munthu wamkulu atakhala pampando usiku, kaburashi ka tsitsi lowerengeka kali m'manja, akupaka utoto kanjerwa kamodzikamodzi: aka kofiira, aka kopserera ngati kanayandikana ndi moto mu uvuni, aka kotuwa chifukwa mvula yakamenya zaka zambiri. Khoma limodzi lili ndi tinjerwa mazanamazana, nyumba ili ndi makoma anayi, ndipo mudzi uli ndi nyumba zambiri. Mwa ntchito zonse zamanja zimene ndimazidziwa, n'zochepa zimene zimandigwira mtima ngati imeneyi.

Pendon ndi nyumba yoonetseramo zinthu imene ili m'mudzi wa Long Wittenham, m'chigawo cha Oxfordshire ku England, kufupi ndi tauni ya Didcot. M'kati mwake muli dziko lochepetsedwa: mapiri, minda, misewu ya fumbi, tchalitchi, makola, nyumba zaudzu, ndi njanji imene tisitima timayendapo ndi magetsi. Anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America amakonda kumanga tinjanji totere m'nyumba zawo. Sitimayo atha kugula m'sitolo. Chimene sichigulika ndi dziko limene sitimayo idutsemo, ndipo pamenepa ndi pamene mmisiri amadziwikira.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Roye England, wobadwira ku Perth m'dziko la Australia. Anafika ku England mu 1925 ali mnyamata, nakakhala kufupi ndi Swindon, m'chigwa chotchedwa Vale of White Horse. Dzinali linachokera pa chithunzi cha kavalo woyera chimene anthu akale anakumba paphiri la choko pafupi ndi Uffington zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. M'chigwamo munkadutsa njanji ya kampani ya Great Western Railway, yochokera ku London kupita ku Bristol. Mlendoyu anakonda sitima zamalasha, koma anakondanso kwambiri nyumba zakale zofolera ndi udzu. Ndipo poti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, iye anaona chimene eni dziko sankachisamala: nyumba zija zinkatha. Zina ankazigwetsa, zina ankazisasula udzu n'kuikapo denga la kufakitale. Anayamba kuzungulira midzi pa njinga, atanyamula kamera, choyezera ndi kabuku, akuyeza makoma, zitseko ndi mawindo, akulemba mtundu wa mwala ndi wa matabwa. Mu 1931 anayamba kupanga kanyumba kake koyamba, kamalo komwera mowa kamene anakatcha Waggon and Horses, potengera nyumba yeniyeni ya m'deralo. Mu 1954 anatsegula Pendon. Anamwalira mu 1995 asanamalize kumanga mudzi wake wa tinyumba, ndipo ena anapitiriza pamene iye analekezera.

Maziko a luso lonseli ndi muyeso. Ku Pendon chilichonse chimachepetsedwa ka 76. Munthu wamtali mita imodzi ndi masentimita 75 amasanduka kachidole ka mamilimita 23. Chitseko cha mamita awiri chimakhala mamilimita 26. Njerwa imatalika mamilimita atatu, n'kukhuthala milimita imodzi. Lamuloli lilibe chisoni. Mukangolakwitsa chinthu chimodzi, kaya ndi mpanda wokhuthala kwambiri kapena tsamba lalikulu kuposa mutu wa munthu, diso la woonera limakana nthawi yomweyo, ngakhale mwini disoyo sangathe kunena chimene chalakwika. N'chifukwa chake amisiriwa sanakhutire ngakhale ndi njanji zogula. Njanji yeniyeni ya ku Britain ndi yotambalala mamilimita 1,435, ndipo ukaichepetsa ka 76 imatsala pang'ono kukwana mamilimita 19. Zam'sitolo zambiri ndi za mamilimita 16.5 okha. Kusiyanako n'kochepa kuposa mutu wa machesi, koma iwo anasankha kudziyalira njanji yawo ya mamilimita pafupifupi 18 kuti sitima ikhale bwino pamiyendo yake.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba zokongolazi zimapangidwa ndi zinthu wamba. Makoma ndi a katoni yoyera yolimba. Mmisiri amajambula khoma lonse pakatonipo, kenaka amatenga kachitsulo kobuntha n'kumadinda mizere ya matope a pakati pa njerwa, osaboola, kungotsindika. Pamakona amapinda katoniyo kuti mizere ya mbali ino ikumane ndi ya mbali inayo, monga mmene njerwa zenizeni zimalumirana. Akatero amatsuka khoma lonse ndi utoto wamadzi wotuwa kuti ulowe m'mizere, ndiyeno amayamba kudontheza utoto panjerwa iliyonse payokha. Safuna penti wonyezimira, chifukwa khoma lakale silinyezimira. Ndipo sawongola chimene nyumba yeniyeni inapotoka. Ngati khoma linatupa pamimba, nalonso la katoni litupe. Ngati mtanda wa denga unawerama pakati chifukwa cha ukalamba, nawonso uwerame. Pamene mwini nyumba anagamba ndi njerwa zatsopano pakhoma la miyala, chigambacho chioneke. M'kati amaikamo mipando, makatani ndi kanyale, ngakhale akudziwa kuti zambiri zidzangooneka pakawindo kochepa ngati chikhadabo.

Pa denga ndi pamene aliyense wokulira kumudzi angaime nthawi yaitali. Amene anaonapo mmisiri akufolera nyumba amadziwa kuti ntchitoyo imayambira m'munsi kukwera kumtunda, mtolo pamwamba pa mtolo, kuti madzi azitsetsereka osalowa. Ku Pendon amatsata njira yomweyo. Poyamba ankagwiritsa ntchito tsitsi la munthu. Pambuyo pake anatembenukira ku ulusi wokhakhala umene amisiri a mapaipi amakulunga polumikiza mapaipi, wooneka ngati khonje wopesa. Amaudula timitolo tating'onoting'ono, n'kumamata ndi guluu mzere ndi mzere. Denga likangomatidwa limaoneka nyankhalala ngati mutu wosapesa. Kenaka pamabwera sizasi: kumeta, kusalaza, kudula m'mphepete, kuzungulira kawindo kotulukira m'denga, mpaka udzu utagona. Pomaliza utoto. Udzu wofolera chaka chino ndi wachikasu, wa zaka khumi ndi wotuwa ngati phulusa, ndipo mbali imene dzuwa silifika kwenikweni pamamera ndere zobiriwira. Mmisiri wabwino amadziwa mbali imeneyo, chifukwa anapita kukaona.

Nthaka nayo ili ndi mafupa ake. Pansi pa phiri lililonse pali matabwa kapena makatoni oimika, odulidwa motsata kukwera ndi kutsika kwa malo. Pamwamba amayalapo waya wa nkhuku kapena nsalu, n'kupakapo pulasitala. Ena masiku ano amasema thovu louma lija limabwera m'makatoni a wailesi ndi firiji. Asanadzale kanthu amapaka nthaka yonse utoto wa dothi la kumaloko, kuti pamene udzu wachepa pazioneka dothi osati pulasitala woyera. Udzu wa masiku ano ndi timaulusi tatifupi, mamilimita awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi, timene amawaza paguluu ndi kachipangizo ka magetsi kochititsa kuti tiime chilili. Koma chipangizo sichidziwa kuti udzu wa m'dambo ndi wobiriwira kuposa wa pachulu, kuti pachipata cha khola ng'ombe zimaponda mpaka kutsala matope, kapena kuti njira ya anthu siwongoka, imakhota kulambalala chitsa. Zimenezi amadziwa ndi munthu.

Mtengo amaupanga ndi mawaya opota. Aliyense amene anapindapo galimoto ya mawaya ali mwana angazindikire ntchitoyi. Mtolo wa timawaya ta kopa umapotedwa kukhala thunthu, kenaka amaugawa pawiri, patatu, nthambi zikucheperachepera mpaka kutsala waya umodzi kunsonga. Thunthulo amalikuta ndi phala la pulasitala ndi guluu, n'kulikanda kuti likhale ndi makungwa. Pansonga amakoloweka ubweya wopyapyala n'kuwazapo tizidutswa tobiriwira. Chinsinsi chake n'kusiya mipata, kuti kuwala kuzidutsa monga mmene thambo limaonekera ukayang'ana m'mwamba uli patsinde pa mtengo. Ndipo sapanga mtengo wopanda dzina. Uwu ndi mtundu wakuti, uli ndi kaimidwe kake, ndipo unapendekera uku chifukwa mphepo ya kumaloko imaomba kuchokera uko.

Miyala ya m'njanji amaithira youma, n'kuisesa ndi kaburashi pakati pa matabwa ogonekapo njanji, mpata umodziumodzi. Kenaka amasungunula guluu woyera m'madzi n'kudonthezamo kadontho ka sopo wotsukira mbale. Sopoyo amathandiza kuti madziwo alowe pansi mwakachetechete m'malo mokhala timibulu tokankha miyala. Zikauma, ntchito yodetsa imayamba. Chinthu chatsopano chimanama, chifukwa panjanji palibe choyera. M'mbali mwa zitsulo mumakhala dzimbiri. Pamene injini imaima pamadontha mafuta akuda. Kukamwa kwa ngalande yoboola phiri kumada ndi mwaye pamwamba pokha, pamene utsi umamenya. Pansi pa windo mvula imasiya mkwasa. Mmisiri amapaka zonsezi pang'onopang'ono, ndi ufa wa choko chamitundu kapena utoto wosungunuka kwambiri, ndipo luso lalikulu n'kudziwa polekera.

Palinso nzeru ina imene siioneka msanga. Mukayang'ana phiri lili kutali, limaoneka lotuwa mobiriwira, pamene mukalifika mupeza miyala yakuda ndi mitengo yobiriwira kwambiri. Mpweya wa pakati ndi umene umafewetsa mitundu. Munthu woima mita imodzi kuchokera pa kanyumba ka ku Pendon ali ngati waima mamita 76 kuchokera pa nyumba yeniyeni. Choncho mmisiri amafewetseratu utoto wake: chakuda chisade bii, choyera chisayere mbee. Liwiro nalo limachepetsedwa. Sitima ya katundu yoyenda makilomita 30 pa ola iyenera kuyenda masentimita 11 okha pa sekondi. Ikatero, mabogi a malasha akugundana pang'onopang'ono pambuyo pake, mumamva kulemera kwake m'chifuwa ngakhale kainjiniko kangakwane m'dzanja lanu.

Chimene ndimalemekeza koposa ku Pendon ndi kudziletsa. Chigwa cha White Horse chimene anapanga kumeneko n'chachikulu, mamita pafupifupi 21 m'litali, koma sanachidzaze ndi njanji. Malo ambiri ndi minda ndi msipu, ndipo sitima imangodutsa n'kupita, kusiya mudzi uli zii monga zinkakhalira m'zaka za m'ma 1930. Ku Hamburg m'dziko la Germany kuli Miniatur Wunderland, imene mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula mu 2001. Kumeneko kuli mizinda, tindege tonyamuka ndi magetsi osawerengeka, ndipo nako kuli luso lalikulu. Koma kumeneko amafuna kuti mudabwe, pamene ku Pendon amafuna kuti mudekhe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadekha mumayamba kuona kabichi m'dimba, mpini wotsamira khoma, zovala zoyanika pachingwe, ndipo mumazindikira kuti munthu wina anatha masiku ambiri pa kanthu kamene alendo ambiri sadzakaona n'komwe.

Ntchito yotere singathe ndi munthu mmodzi. Guy Williams anapanga mainjini ambiri a ku Pendon ndi manja, kuchokera ku timapepala ta chitsulo, ndipo Ken Budd anapanga mabogi okwera anthu. Pali gawo lina loonetsa dera la Dartmoor, pamene sitima imawoloka mlatho wautali wamatabwa wa mtundu umene injiniya Isambard Kingdom Brunel ankamanga kumadzulo kwa England. Milatho yamatabwa imeneyo inatha yonse, koma pano munthu atha kuona mmene mitanda yake inkatambasukira ngati zala za dzanja. Amasunganso Madder Valley, njanji yaing'ono imene John Ahern anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1930, imodzi mwa zoyamba kuonetsa kuti sitima iyenera kudutsa m'dziko lamoyo osati pathebulo lopanda kanthu. Ambiri mwa amisiriwa ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Munthu amapanga nyumba imodzi kwa miyezi kapena zaka, n'kuipereka kuti ikaime pakati pa nyumba za anzake, popanda dzina lake pakhoma.

Zina mwa nyumba zimene Roye England anayeza zinagwetsedwa kalekale, zina zinasinthidwa moti simungazizindikire. Zatsala m'katoni ndi m'kabuku kake. Nafenso tili ndi zathu zimene zikupita tikuona: nyumba yozungulira ya agogo, nkhokwe yoluka ndi nsungwi, khola la nkhunda, masiteshoni akale a panjanji imene inafika ku Blantyre mu 1908. Manja aluso tili nawo, poti mwana amene amaumba ng'ombe yadothi ndi kupinda galimoto ya mawaya wayamba kale kuphunzira. Chimene mmisiri wa ku Pendon anawonjezera ndi choyezera, kabuku ndi kuleza mtima. Mukapita kumudzi chaka chino, yezani nyumba yakale ija isanagwe, jambulani denga lake mbali zonse, ndipo lembani dzina la amene anaifolera.