Mashelefu Odzaza, Chichewa Chosowa

Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa bungwe la National Library Service m'chaka cha 1967, cholinga chinali kufikitsa buku kwa Mmalawi wamba yemwe sakanatha kuligula. Masiku amenewo buku linali chinthu chosowa. Lero wachinyamata wokhala ndi foni ya intaneti amawerenga nkhani za ku London ali phee pakhonde ku Mponela. Tsono tidzifunse: laibulale yatsala ndi ntchito yanji?

M'malaibulale ambiri omwe ndalowamo mipando imadzaza ndithu, makamaka mayeso a Fomu 4 akayandikira. Koma ukayang'anitsitsa, ambiri mwa anawo amabwera ndi makope awoawo. Chomwe amatsata ndi tebulo, bata ndi kuwala, zinthu zosowa m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Kawale. Sindikuwanena ayi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ophunzira achuluka koma malo owerengera sanachuluke nawo. Laibulale ikamawasunga anawa, ikugwira ntchito yotamandika.

Chondidetsa nkhawa chili m'mashelefu. Mabuku ochuluka ndi a Chingerezi, ndipo ambiri ndi mphatso zochokera kunja, monga kwa Book Aid International ya ku Britain. Tiyenera kuthokoza, pakuti popanda iwo mashelefu ena bwenzi ali mbee. Komatu wopatsa amapereka chomwe ali nacho, ndipo nthano za Chichewa iye alibe. Nanga mwana wofuna Nthondo la Samuel Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, alipeza kuti? Nanga Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, kapena Njala Bwana la Willie Zingani?

Tonse tikudziwa momwe buku la Chichewa limafera. Likakhala pa silabasi limagulidwa, chifukwa mayeso akukakamiza. Likangochotsedwapo ogula amatha, wosindikiza amalisiya, ndipo makope otsala amathera kwa chiswe ndi kwa ogulitsa zitumbuwa. Wamalonda sitingamudzudzule, iye amatsata phindu. Malo okhawo omwe buku lingakhalebe ndi moyo popanda kubweretsa phindu ndi laibulale. Iyi ndiyo ntchito yomwe foni siyingalande, pakuti mabuku athu ambiri akale pa intaneti palibe.

Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu. Abwenzi akunja anatumiza mabuku ena olowa m'malo. Koma buku la kuno kwathu lomwe linasiya kalekale kusindikizidwa likapsa, palibe sitima yomwe ingabweretse lina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njira yabwino inayamba kale kuoneka. Bungwe la National Library Service linasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, ndipo mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO m'dziko muno linazungulira m'maboma kujambula nthano kuchokera pakamwa pa agogo. Apa laibulale inasiya kungolandira za eni, inayamba kukolola za m'munda mwake. Ine ndikuti khama lomwelo lifike pa mabuku olembedwa. Mabuku akale a Chichewa afunidwe, ajambulidwe ndi kusungidwa pa kompyuta, mogwirizana ndi alembi kapena mabanja awo ndiponso bungwe la COSOMA, kuti eni ake asaberedwe thukuta lawo. Pa ndalama zogulira mabuku, gawo lina lipatulidwe kuti likhale la mabuku a zinenero zathu.

Nafenso alembi tili ndi mbali yathu. Tikatulutsa buku timathamangira kuhotela kukalikhazikitsa pamaso pa akuluakulu, koma ndi angati mwa ife amene anatulako makope awiri ku laibulale ya kwawo? Ndi angati anakhalapo pansi ndi ana aja a makope ndi kuwawerengera ndakatulo mokweza? Anawo ali kale m'nyumbamo tsiku ndi tsiku. Chatsala ndi chakuti akadzutsa mutu kuchoka pa kope la masamu, maso awo agwere pa buku lolankhula chinenero cha amayi awo.