Mlandu wa Liu Loti Boma

Pa maboma onse a m'Malawi palibe lina lomveka zinenero zambiri monga Chitipa. Munthu akaima pa msika tsiku la malonda amamva Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha ndi Chitumbuka, ndipo alendo ochokera ku Nakonde ndi ku Isongole amaonjezapo Chinamwanga, Chibemba ndi Chiswahili. Anthu okhala pamalo potere sachedwa kuphunzira kuti liu likhoza kunyenga khutu. Koma pali kaliu kena kamene onsewa amakatchula tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a iwo anamva mbiri yake molakwika. Kaliu kameneka ndi boma.

M'Chichewa liu limeneli limasenza akatundu atatu. Mlimi wa khofi wa ku Misuku akati, "Boma lakweza msonkho," akunena olamulira dziko lonse. Akati, "Kwathu ndi m'boma la Chitipa," akunena chigawo chimodzi mwa zigawo 28 za dziko lino. Akati, "Mawa ndipita pa boma," akunena mudzi uja wa maofesi, pamene pali chipatala, apolisi ndi bwalo la milandu. Palibe amene amasokonezeka, pakuti mau oyandikana nalo amalongosola tanthauzo.

Tsono munthu akafunsa kumene liuli linachokera, kawirikawiri amayankhidwa msanga ndi mtima wonse. Amati boma si liu lenileni ai, koma malemba anai oyamba a mau a Chingerezi akuti British Overseas Military Administration, ndiko kunena ulamuliro wa asilikali a Angerezi m'maiko a kutsidya kwa nyanja. Yankho limeneli lamveka m'masukulu, m'mabasi ndi pa maliro pomwe, ndipo wolinena amaoneka wophunzira ndithu. Womvayo amawerenga malemba pa zala zake, B, O, M, A, napeza kuti akwana, navomera.

Nchifukwa ninji nkhani imeneyi imakoma chotere? Chifukwa china ndi chakuti mau opangidwa motero alipodi. Mlimi aliyense amalidziwa dzina loti ADMARC, ndipo limeneli linapangidwadi ndi malemba oyamba a dzina lalitali la Chingerezi pamene bungwelo linakhazikitsidwa mu 1971. Koma pa ADMARC mboni zilipo: dzina lalitalilo linalembedwa m'malamulo ndi pa zikwangwani. Pa boma mboni zotere sizioneka. Ndiponso onena nkhaniyi sagwirizana okhaokha, pakuti ena amati M ndiye Military, ena amati ndiye Management. Pa bwalo la mfumu, mboni ziwiri zikasiyana mau chotere, akuluakulu amayamba kugwedeza mitu.

Mboni zenizeni zili m'mabuku akale, ndipo zimatsutsa nkhaniyi. Yoyamba ndi Johann Ludwig Krapf, mmishoni wa ku Germany amene anafika ku Mombasa mu 1844 nayamba kusonkhanitsa mau a Chiswahili. Iye anamwalira mu 1881, ndipo buku lake lomasulira mau linasindikizidwa ku London mu 1882. M'bukumo liu loti boma lilimo, ndipo tanthauzo lake ndi linga, mpanda wolimba wa mitengo, miyala kapena minga wotchinjiriza mudzi kwa adani. Mboni yachiwiri ndi Henry Morton Stanley, amene m'buku la ulendo wake wodutsa Afrika, losindikizidwa mu 1878, amatchula boma ponena mpanda wotere. Wowerenga aone zakazo bwino. Angerezi anayamba kulamulira Zanzibar mu 1890, ndipo dziko lino mu 1891. Kodi mwana angabadwe atate wake asanabadwe? Liuli linali kale pakamwa pa anthu ulamuliro umene amati unalibala usanafike.

Mboni yachitatu ili pafupi ndi Chitipa penipeni, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Pangano la mu 1890 linaika malire pa mtsinje umenewu: kuno Angerezi, uko Majeremani. Majeremaniwo nawonso anamanga nyumba zolimba zolamuliramo, monga ya ku Mikindani ya mu 1895 ndi ya ku Bagamoyo ya mu 1897, ndipo nyumbazo zimatchedwa boma mpaka lero. Mjeremani wa masiku amenewo, amene anali kulimbirana dziko ndi Mngerezi, sakanalola kuti nyumba ya mfumu yake itchedwe ndi dzina loyamba ndi British. Iye anangotola liu limene analipeza kwa Aswahili, monganso anachitira Mngerezi.

Nanga mpanda wa minga unasanduka bwanji olamulira dziko? Apa mbiri ya Chitipa imathandiza kuposa buku lililonse. M'zaka zimenezo kumpoto kuno kunali kosakhazikika. Amalonda olankhula Chiswahili ankadutsa ndi minyanga ndi akapolo, ndipo mmodzi wa iwo, Mlozi, anamanga linga lake pafupi ndi Karonga, limene linagwetsedwa mu Disembala 1895 ndi asilikali a Harry Johnston. Panalinso mseu wa Stevenson, umene unayambidwa mu 1881 kuti ulumikize nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika podzera pa mtunda uno. M'zaka za m'ma 1890 Azungu anamanga malo ao pa mseu umenewu nawatcha Fort Hill, ndipo fort m'Chingerezi ndi linga. Dzina limeneli linakhala mpaka pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, pambuyo pake ndipo linasinthidwa kukhala Chitipa.

Malo otere ndiwo anali boma m'tanthauzo lakale: mpanda, mfuti ndi alonda. Koma m'kati mwa mpandawo munkakhala Mzungu wokhometsa msonkho ndi woweruza milandu. Munthu wa kumudzi ankati, "Andiitana ku boma," akunena malo. Patapita nthawi anayamba kunena kuti, "Boma landiitana," ngati kuti mpandawo uli ndi pakamwa. Pamenepo dzina la malo linali litagwera anthu okhalamo ndi mphamvu zao. Zotere sizachilendo m'chinenero. Anthu amati "mudzi wakana" pamene akana ndi anthu, osati nyumba, ndipo amati "mpando" ponena ufumu. Mitengo ya malinga aja inadyedwa ndi chiswe kalekale, koma liu linatsala, ndipo lero limatchula ngakhale olamulira osankhidwa ndi mavoti, amene sanaonepo linga.

Chimene chimatayika m'nkhani ya malemba anai ija si chaching'ono. Mwana wa sukulu amauzidwa kuti Azungu ndiwo anapanga liuli m'ofesi mwao, pamene zoona zake nzakuti analibwereka kwa anthu akuda, ndipo linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chiswahili. Wobwereka wasanduka mwini, ndipo mwini weniweni ndiye akumuombera m'manja. Imatayikanso mbiri yonse ya m'mene ulamuliro uja unafikira kuno, pakuti liu lokhalo likuchitira umboni kuti unayambira m'kati mwa mpanda.

Komatu liuli silinayende njira imodzi kulikonse. Wamalonda wa ku Chitipa akaoloka Songwe kupita ku Isongole nadandaula kuti boma lamulanda katundu, Mswahili akhoza kudabwa, chifukwa kwa iye boma ndi mpanda, khola la ziweto kapena nyumba yakale ya olamulira. Olamulirawo amawatcha serikali, liu lochokera ku Persia. Pafupi ndi phiri la Kilimanjaro pali mudzi waukulu wotchedwa Bomang'ombe, ndipo Mchewa womva dzinali koyamba amaseka, poganiza kuti ng'ombe za kumeneko zili ndi nduna zao. Ku Zambia, mudzi wa maofesi monga Isoka umatchedwa boma monga kuno, ndipo olankhula Chinyanja amati boma ponena olamulira, koma Mbemba ali ndi liu lakelake, ubuteko. Ku South Sudan, dziko limene linaima palokha mu 2011, boma ndi kachigawo kakang'ono kwambiri pa zigawo za ulamuliro, ka midzi yowerengeka. Liu limene kuno lili pamwamba pa zonse, kumeneko lili pansi penipeni.

Palinso msampha wina, ndipo umakola makamaka iwo amene apulumuka woyamba uja. Munthu akadziwa kuti boma ndi liu la mu Afrika, amayamba kuganiza kuti boma aliyense amene angamve ndi mbale wa ameneyu. Mu Okotobala 1974 ku Kinshasa kunali nkhonya za pakati pa Muhammad Ali ndi George Foreman, ndipo khamu la anthu linkafuula dzina la Ali pamodzi ndi liu loti boma. Mchewa womvera pa wailesi akanatha kuyesa kuti anthuwo akufuna kumpatsa Ali ulamuliro wa dziko. Koma m'Chilingala, chinenero cha kumeneko, koboma ndi kupha, ndipo khamulo linali kumuuza kuti amuphe mnzakeyo.

Kusiyana kwa mau awiriwa kumaoneka m'kayendedwe kao. Boma wa Chiswahili ndi wa Chichewa ndi dzina la chinthu: akachuluka amakhala maboma, ndipo amati "boma la", "maboma a". Boma wa Chilingala ndi mneni, liu lonena zochita: koboma ndi kupha, abomi ndi wapha, ndipo sachuluka monga dzina. Anthu awiri akhoza kufanana nkhope pa msika, koma ubale umadziwika pofunsa agogo ao ndi mudzi umene anachokera.

Anthu a ku Chitipa ali ndi chitsanzo china chapafupi, chosiyana ndi boma ndi lemba limodzi lokha. M'Chichewa bomba ndi chida chophulika. M'Chiswahili bomba ndi mpope wa madzi, liu limene Aswahili analitenga kwa Apwitikizi, ndipo chida chophulikacho amachitcha bomu. Tsono mai wa ku Isongole akauza mlendo wake wa ku Malawi kuti kuseri kwa nyumba kuli bomba, mlendoyo asathawe ai, atenge ndowa akatunge madzi.